Momwe Oonera Anapulumutsira Labia ya ku Cape Town

M'chaka cha 2024, Labia, nyumba yoonetsera mafilimu ya mu Orange Street ku Cape Town, inakwanitsa zaka 75. Ambiri amati nyumba zazing'ono zotere zimafa chifukwa anthu anazolowera kuonera mafilimu kunyumba. Mbiri ya Labia ikutsutsa zimenezo.

Chiyambi chake amachifotokoza mwachidule. Akuti poyamba inali holo yovinira ya ofesi ya kazembe wa dziko la Italy. Mu Meyi 1949, Princess Labia anaitsegula ngati bwalo la zisudzo, ndipo mafilimu anadzakhazikikamo m'zaka za m'ma 1970. Mu 1989 a Ludi Kraus anaitenga n'kumaonetsa mafilimu omwe nyumba zikuluzikulu za m'mashopu sizilabadira: a ku France, Italy, Iran, komanso ofotokoza nkhani zochitikadi. Zipinda zinachuluka mpaka zinayi. Kawindo kakale kogulitsira matikiti sanakagwetse, ndipo mpaka lero munthu amaloledwa kulowa m'chipinda atanyamula chakumwa chake cha pabala.

Mavuto enieni anadza cha m'ma 2013, pomwe ogawa mafilimu padziko lonse ankasiya kutumiza matepi a 35mm, aja okulungidwa pamikombero. Filimu inayamba kubwera ngati fayilo ya pakompyuta, yofuna makina a dijito. Chiganizochi chinamangidwa kutali, ndi anthu omwe ankawerengera phindu la nyumba mazanamazana nthawi imodzi. Iwo chinawachepetsera ndalama zosindikizira ndi kutumiza matepi, koma mtolo wogula makina unagwera mwini nyumba. Mwini zipinda zinayi anayenera kupeza makina anayi, ochokera kunja, pamtengo womwe matikiti otchipa sakanaukwanitsa. Uku kunali kupanda chilungamo, ndipo nyumba zambiri zazing'ono m'mayiko osiyanasiyana zinatsekedwa oonera akadalipo.

Mu 2014 eni Labia anapempha thandizo kudzera pa intaneti. Anthu anasonkha marandi, wina pang'ono wina zambiri. Ndalamazo zinathandiza kugula makinawo, ndipo mafilimu atsopano anapitiriza kufika mu Orange Street.

Mliri wa Covid-19 utatseka zitseko mu 2020, Labia inayamba kuonetsa mafilimu ake pa intaneti kwa olipira ali kunyumba.