Kuchokera pa Makwerero a Nkhokwe Kufika pa Loboti Yokwera Mashelefu

Anthu a m'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, anadziwa kalekale kuti chakudya chosungidwa pansi sichikhalitsa. Chiswe chimachipeza, makoswe amachipeza, ndipo mtsinje wa Shire ukasefukira, monga unachitira m'chaka cha 2015 ndiponso pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, madzi amakokolola chilichonse chimene chili pafupi ndi dothi. N'chifukwa chake Amang'anja ndi Asena ankaika mapira ndi mchewere m'nkhokwe zokhazikidwa pa mafoloko a mitengo, kapena pa nsanja. Koma kukweza chakudya m'mwamba kunabala funso lina: nanga wochitenga adzakwera bwanji, nadzatsika bwanji ali ndi dengu lodzaza?

Yankho loyamba linali makwerero. Ena ankangosema mphako pa mtengo umodzi kuti phazi lipeze popondera. Ena ankamanga timitengo topingasa ndi luzi. Chida chimenechi chimaoneka chachabechabe, komabe muli nzeru yonse ya kukwera: wokwera asadalire kukhakhala kwa mtengo, koma pakhale pogwira potsimikizika, potalikirana mofanana.

Malonda atakula, katundu anachuluka koposa mphamvu ya makwerero. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo inayamba kugaya nzimbe mu 1966, ndipo bungwe la ADMARC linakhazikitsidwa mu 1971. M'madepoti ngati a bungweli, matumba ankasanjikizidwa mpaka pafupi ndi denga. Onyamula ankasiya mbali imodzi ya muluwo itasanjidwa ngati masitepe, n'kumakwerapo atasenza thumba la makilogalamu 90. M'chigwa chotentha chotere, ntchito imeneyi inali yotha munthu msana, ndipo kutalika kwa mulu kunkalekezera pamene mphamvu ya munthu yathera.

Kumaiko akutali, akatswiri ankalimbana ndi vuto lomwelo pa zitsulo. Gudumu losalala limaterera likakumana ndi chitunda. Mu 1812, John Blenkinsop wa ku England anayala chitsulo cha mano m'mbali mwa njanji, ndipo sitima yake inali ndi gudumu la mano loluma m'chitsulocho. Mu 1871, Niklaus Riggenbach anagwiritsa ntchito nzeru yofanana pa njanji yokwera phiri la Rigi ku Switzerland. N'zochititsa chidwi kuti chitsulo chake cha pakati pa njanji chinali ndi maonekedwe a makwerero ogonekedwa pansi. Aliyense amene anayang'anitsitsa mmene tcheni cha njinga ya kabaza chimalumirana ndi mano a gudumu lakumbuyo angamvetse msanga mmene zimenezi zimagwirira ntchito.

Kukwera ndi theka chabe la vuto. Theka lina ndi kusagwa. Mu 1854, ku New York, Elisha Otis anaima pa chikepe pamaso pa khamu la anthu nalamula kuti chingwe chidulidwe. Chikepecho sichinagwe, popeza chitsulo chofwamphuka chinakola m'mano a mizati ya m'mbali.

Nyumba zosungiramo katundu zinalandira nzeru zimenezi pang'onopang'ono. Mu 1962, kampani ya Demag inamangira kampani ya mabuku ya Bertelsmann ku Germany mosungira mmene makina aatali ankayenda pakati pa mashelefu, kukweza ndi kutsitsa katundu. Chovuta chake chinali chakuti makina amodziwo akawonongeka, mzere wonse unkaima. Maloboti a Kiva, kampani imene Amazon inagula mu 2012, anazemba vutoli mwa kusakwera konse: ankalowa kunsi kwa shelefu, kuinyamula yonse ndi kupita nayo kwa wantchito. Koma potero malo onse a m'mwamba ankangokhala opanda ntchito.

Kampani ya Exotec, imene Romain Moulin ndi Renaud Heitz anayambitsa ku France mu 2015, inaphatikiza njira ziwirizi. Loboti yake yotchedwa Skypod imayenda pansi ngati kangolo, ndipo ikafika pa shelefu, magudumu ake a mano amaluma m'mizati ya mbali zonse ziwiri, n'kukwera yokha. Mtundu umene unafala poyamba unkafika mamita 12 utanyamula bokosi la makilogalamu 30.

Apa ndi pamene wopanga makina amatuluka thukuta. Magudumu onse ayenera kuzungulira pa liwiro limodzi. Limodzi likatsalira ngakhale ndi dzino limodzi, lobotiyo imapendekeka n'kukakamira m'mwamba. Mano ayenera kulowa m'malo mwake pa mphindi imene loboti ikuchoka pansi, ngakhale simenti itakhala yosasalala bwino. Batire likakula, loboti imalemera ndipo imadya mphamvu yambiri pokwera; likachepa, imatha moto ntchito ili pakati. Pamafunikanso mabuleki ogwira okha mphamvu ikatha, monga chinachitira chitsulo cha Otis. Ndipo fumbi, limene m'nyengo ya chilimwe silisowa ku Ngabu ndi ku Bangula, likasakanikirana ndi girisi limasanduka phala loperesa mano a chitsulo.