Malovu ndi khansa ya m'kamwa: kuchokera ku London kudzafika ku Kuku

Kufunafuna khansa m'madzi a m'thupi kunayambira pa mkodzo. M'zaka za m'ma 1840, dokotala wa ku London, Henry Bence Jones, anayeza mkodzo wa bambo wina wodwala mafupa n'kupezamo puloteni yachilendo. Pambuyo pake zinadziwika kuti puloteniyo imachokera ku khansa yotchedwa myeloma. Madokotala anaphunzirapo kuti chotupa chimasiya mapazi ake m'madzi a m'thupi.

Khansa ya m'kamwa inatsalira pa ulendowu, mwina chifukwa m'kamwa mumaoneka. Wodwala ankangoyasamula, dokotala n'kuyang'ana chilonda, kudulapo kanyama ndi kukaunika pa maikulosikopu.

Ku Africa kuno nkhaniyi inadzera njira yakeyake. Mu 1958, dokotala Denis Burkitt analemba za ana a ku Uganda otupa nsagwada, ndipo mu 1964 asayansi a ku London anapeza kachilombo ka Epstein-Barr m'maselo a chotupa chotere. Mu 1983, Anne Bayley, dokotala wa opaleshoni pa chipatala cha UTH mu Lusaka, anaona kuti khansa ya Kaposi, imene kale inkakula pang'onopang'ono m'miyendo ya madoda, yayamba kugwira achinyamata ndi kuwapha msanga. Inali Edzi ikulowa. Khansa imeneyi imatulukiranso m'kamwa, makamaka kumwamba kwake, ngati mawanga ofiirira. Kachilombo koyambitsa, HHV-8, anakapeza Yuan Chang ndi Patrick Moore mu 1994 ku New York. Kafukufuku wa amayi ndi ana a mu Lusaka, amene a UTH anachita mogwirizana ndi yunivesite ya Nebraska, anaonetsa kuti ana ambiri amakatenga adakali aang'ono, ndipo malovu ndiwo njira yaikulu.

Ngati malovu amanyamula kachilombo, angalepherenji kunyamula uthenga wa chotupa chimene amachinyowetsa usana ndi usiku? Mu 2004, gulu la David Wong ku Los Angeles linanena kuti malovu a odwala khansa ya m'kamwa ali ndi zizindikiro zina zochuluka kuposa a anthu abwinobwino, monga cha IL-8. Mu 2015, asayansi a ku yunivesite ya Johns Hopkins anayeza odwala 93 a khansa za m'mutu ndi m'khosi, ndipo onse amene chotupa chawo chinali m'kamwa anapezeka ndi DNA ya chotupacho m'malovu.

Kwa munthu wa m'komboni, kuyezetsa m'kamwa si chachilendo. Kuyambira mu 2016, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe anayamba kugawa OraQuick, kandodo kopukuta pankhama kamene kamapereka zotsatira za HIV pa mphindi 20. Ena angaganize kuti ka khansa nako kali pafupi. Koma HIV imasiya chizindikiro chimodzi chodziwika bwino, pamene m'kamwa ndi pamsika: muli mabakiteriya, zotsalira za nsima, magazi a m'nkhama zotupa. IL-8 yemweyo amakweranso munthu akangodwala nkhama, ndipo odwala nkhama ndi ochuluka kwambiri kuposa odwala khansa. N'chifukwa chake kuyeza malovu kudakali kwenikweni m'manja mwa ochita kafukufuku.

Choncho bambo wa m'komboni ya Kuku mu Lusaka amene wasuta fodya ndi kumwa kachasu kwa zaka zambiri, kapena agogo okonda kuika nsunko m'kamwa, akakhala ndi chilonda palilime chosapola kwa milungu itatu, amayendabe njira yakale. Amayambira pa chipatala cha Chawama, n'kutumizidwa ku UTH kuti akadule kanyama. Zotsatira zikatsimikizira khansa, amapita ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene anachitsegula mu 2007 pafupi pomwepo ndi UTH, ndipo chimalandira odwala ochokera m'zigawo zonse za dziko la Zambia.