Otizimu: zizindikiro zake ndi kasamalidwe ka mwana

Otizimu, umene pa Chipwitikizi amati autismo, umabwera chifukwa ubongo wa mwana unakula mosiyana ndi wa anzake. Si ufiti, ndipo katemera sauyambitsa. Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka mwana asanakwane zaka 3: kuchedwa kulankhula, kusatembenuka akaitanidwa, kusayang'ana anthu m'maso, kubwerezabwereza chinthu chimodzi, ndi kuvutika ndi phokoso ngati la chigayo.

Mankhwala ochiza palibe, koma mwana akathandizidwa msanga amaphunzira zambiri. Makolo apite naye kuchipatala, akamuyezenso makutu. Pakhomo muzilankhula naye mawu ochepa omveka, ndipo nthawi yodya ndi yogona isamasinthesinthe. Musamumange kapena kumutsekera yekha m'nyumba popita kumunda.

Mu 2007 bungwe la United Nations linakhazikitsa 2 Epulo kukhala tsiku lodziwitsa anthu za otizimu.