Mbiri ya Kuchira kwa Ovulala ku Milepa: Fupa, Chakudya ndi Kubwerera kwa Mphamvu

Milepa ndi malo a malonda a m'boma la Chiradzulu, pa msewu wolowera ku chigwa cha Phalombe, ndipo anthu ambiri a m'midzi yozungulira malowa amadya za thukuta lawo, kaya polima, posenza katundu, poumba njerwa kapena poyendetsa kabaza. Kudera lotere kuthyoka mwendo kapena kubzungunyuka bondo si vuto la munthu mmodzi, chifukwa khasu likagona nkhokwe ya banja lonse imachepa. Mbiri ya chisamaliro cha ovulala kuderali ikusonyeza kuti kuchira kwenikweni kwakhala kukudalira zinthu zitatu, zomwe ndi kugwirizanitsa fupa kapena kupoletsa bala, kudyetsa thupi zakudya zolimanga, ndi kubwezeretsa mphamvu za minofu pang'onopang'ono. Ndipo ngakhale kuti zipatala zinafulumira kutenga udindo woyambawo, maudindo awiri otsalawo akhala ali m'manja mwa banja kufikira lero.

Asanabwere amishoni, wovulala ankasamalidwa ndi abale ake akuchikazi, popeza Amang'anja, Ayao ndi Alomwe a kuderali onse amatsata mwambo wa chikamwini, womwe mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo ana amawerengedwa ku mtundu wa mayi. Mwini mbumba, yemwe nthawi zambiri ndi malume, ndiye ankagamula za kumene wodwala apite, pamene amayi ndi alongo ankagwira ntchito yodwazika, kutanthauza kuphika, kusambitsa ndi kukhala pambali pa wodwala usana ndi usiku. Panali asing'anga odziwa za mafupa, amene ankakoka chiwalo chothyoka kuti chiwongoke, nkuchimanga ndi timitengo kapena nsungwi zong'alula ndi luzi kuti chisagwedezeke. Pa chotupa ankathowa, ndiko kusindikiza pamalo opwetekawo ndi masamba kapena nsalu yoviika m'madzi otentha, ndipo ena ankatemera mphini nkupakamo mankhwala a zitsamba. Njira zimenezi zinkathandiza ngati fupa lathyokera m'kati popanda kusuntha kwambiri, koma zinkalephera ngati labowola khungu, chifukwa bala linkalowa tizilombo. Komanso luzi lomangidwa mothina kwambiri linkatha kutseka magazi mpaka chiwalo kufa.

Chimene mwambo wakalewo unachidziwa bwino ndi chakuti wodwala sabwerera kumunda tsiku limodzi. Ankayamba ndi kukhala tsonga pakhonde, kenako kuyenda ndi ndodo pabwalo, kenako ntchito zopepuka monga kutongola chimanga, kusenda nandolo kapena kuluka mphasa, ndipo khasu, munsi ndi mtolo wa nkhuni zinkabwera pomalizira. Chakudya chakenso chinkatsata dongosolo lofananalo, kuyambira phala ndi thobwa, kufikira nsima ya ndiwo zotendera ndi msuzi wa nkhuku, imene pamudzi inkaphedwa kawirikawiri chifukwa cha mlendo kapena wodwala. Ngakhale kuti panalibe amene ankatchula dongosololi kuti masewero olimbitsa thupi, mfundo yake ndi yomwe akatswiri amaphunzitsa lero, yakuti katundu wopatsidwa kwa chiwalo chochira azionjezeredwa pang'onopang'ono.

Nthawi ya atsamunda inasintha zinthu ziwiri zimene kuchira kotereku kunkadalira, zomwe ndi malo olima ndi nthawi yopuma. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 malo ambiri a m'mapiri a Shire anakhala minda ya azungu, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alomwe ochuluka anayamba kulowa m'derali kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Ambiri anakhazikika m'mindamo pansi pa thangata, ndiko kugwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa kulipira lendi ndi msonkho, ndipo ntchitoyo inkafunika kwambiri m'nyengo ya dzinja, pamene munthu anayenera kulima munda wake. Minda ya A. L. Bruce ku Magomero inatchuka ndi kuuma mtima pa nkhani imeneyi, ndipo madandaulo ake ndi ena mwa amene anachititsa John Chilembwe, yemwe anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'chaka cha 1900, kuukira boma mu Januwale 1915. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland anatengedwa kukagwira ntchito ya utengatenga, kusenza katundu wa asilikali mitunda italiitali ndi chakudya chosakwanira, ndipo ambiri anabwerera ndi zilonda ndi matupi ofooka kudzachirira m'midzi imene nayonso inali itasowa olima.

Chithandizo cha chizungu chinafika m'bomali makamaka kudzera m'mamishoni. Ansembe a chipani cha Montfort anakhazikitsa mishoni ya Nguludi m'chaka cha 1903, ndipo pamalopa m'kupita kwa nthawi panamangidwa chipatala cha St Joseph's pamodzi ndi sukulu ya anamwino. M'chaka cha 1926 Dr Daniel Malekebu, amene anaphunzira udokotala pa Meharry Medical College ku America ndipo amadziwika kuti ndi Mmalawi woyamba kukhala dokotala, anabwerera kudzatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe, kumene anagwira ntchito ya mpingo, ya maphunziro ndi ya chipatala. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 1958, ndicho chinakhala malo otumizako ovulala kwambiri a m'maboma oyandikana ndi mzindawu.

Zipatalazi zinabweretsa njira ziwiri zimene anthu amazidziwa mpaka pano. Yoyamba ndi chikhakha, nsalu yoviikidwa m'laimu wapadera amene amauma nkulimba, njira imene dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, anaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850. Yachiwiri ndi kukoka mwendo ndi chingwe chomangidwa ku chinthu cholemera, kumene kumagoneka munthu wothyoka fupa la ntchafu pabedi kwa milungu 6 kapena kuposerapo. Ku Ulaya komweko madokotala ankatsutsana za utali wa nthawi yopumitsa chiwalo: Hugh Owen Thomas wa ku Liverpool, yemwe anabadwira m'banja la omanga mafupa a ku Wales, ankalimbikira kupumitsa kwanthawi yaitali, pamene Just Lucas-Championnière wa ku Paris ankaphunzitsa kuti kusisita ndi kuyendetsa chiwalo msanga kumathandiza kuchira. Julius Wolff wa ku Berlin anafotokoza mu 1892 kuti fupa limadzimanga molingana ndi katundu amene likusenza, kotero kuti lopanda ntchito limafooka. Zotsatira za mkanganowu ndi zimene zikutsatidwa lero, zakuti pothyokapo pagwidwe molimba, koma mfundo ndi minofu yozungulira ziyambe kugwira ntchito mwamsanga monga dokotala walolera.

Kwa zaka zambiri mbali yachiwiri ya chiphunzitsochi sinkafika kumidzi ngati ya ku Milepa, chifukwa anthu ophunzira ntchito yobwezeretsa mphamvu m'thupi anali ochepa kwambiri m'dziko lonse. Wodwala ankatuluka m'chipatala fupa litagwira, koma bondo litauma ndi ntchafu itaphwa, popeza minofu ya munthu wogona imayamba kuchepa m'masiku oyambirira omwe. Chimene chinatsegula njira chinali nthenda ya poliyo, imene inapuwalitsa ana ambiri. Bungwe la MACOHA linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1971 kuti lithandize anthu olumala, ndipo mu 1979 panabadwa bungwe la Malawi Against Polio, limene pambuyo pake linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities poliyo itachepa. Bungweli linkayendera zipatala za m'maboma ndi madokotala a mafupa, linkapanga ndodo zoyendera, zitsulo zochirikiza miyendo ndi njinga za olumala, ndipo linayendetsa malo a Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, kumene odwala amagonekedwa kuti aphunzirenso kukhala, kuimirira ndi kuyenda.

Mu 1985 dokotala wa ku Canada, Ed Blair, anayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula azachipatala amene si madokotala kuti akhale akatswiri othandiza othyoka mafupa m'zipatala za m'maboma, ndipo akatswiri amenewa ndiwo amaona gawo lalikulu la ovulala m'dziko muno kufikira lero. Chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002 kuti chizichita maopaleshoni a mafupa, makamaka kwa ana, ndipo mu 2010 sukulu ya College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa digiri ya physiotherapy, ntchito imene anthu amaitchula kuti mafizo. Mafizo ndi masewero osankhidwa mwaluso: poyamba wodwala amakunga mnofu popanda kusuntha mfundo, kenako amapinda ndi kutambasula, kenako amakankha kapena kunyamula cholemera chimene chimaonjezeredwa mlungu ndi mlungu, mpaka chiwalo chitayamba kusenza thupi lonse. Zipangizo zake siziyenera kukhala zodula, pakuti thumba la mchenga, botolo la madzi, mphira wa chubu cha njinga ndi mpando wolimba zimakwanira pa masewero ambiri.

Mbiri ya chakudya inayenda njira yakeyake. Boma la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'dziko muno, ndipo kalembera wa mu 2018 anapezamo anthu oposa 350,000, kotero kuti minda ya mabanja ambiri ndi yaing'ono. Kuchepa kwa malo kunapangitsa chimanga kulanda gawo la mapira, mawere ndi mbewu zina, ndipo njala ya mu 1949, imene inakantha kwambiri dera la Blantyre ndi madera oyandikana nalo, inaonetsa kuopsa kodalira mbewu imodzi. Komabe alimi a kuderali anasunga luso lobzala mosakaniza, ndipo nandolo, khobwe, mtedza, maungu, chinangwa, mbatata ndi kalongonda wa Alomwe zinapitirira kumera m'minda yomweyo. Matemba a ku nyanja ya Chilwa akhala ndiwo zotsika mtengo m'misika ya kuderali, ngakhale kuti ankasowa nyanjayo ikaphwa monga mu 1968 ndi mu 1995. Ndipo ulimi wa ng'ombe za mkaka wa alimi ang'onoang'ono, umene unakula m'mapiri a Shire kuyambira m'zaka za m'ma 1970, unaika Chiradzulu pakati pa maboma opereka mkaka ku Blantyre.

Sayansi yatsimikiza kuti zakudya zimenezi ndi zomwe thupi lovulala limafuna. Fupa likathyoka magazi amaundana pothyokapo, kenako pamamera mnofu wofewa wolumikiza mbali ziwirizo, umene umalimba pang'onopang'ono nkukhala fupa, ndipo ntchito yonseyi imafuna mapuloteni, omwe ndi zakudya zomanga thupi zopezeka mu nyemba, nandolo, soya, mazira, nsomba, nyama ndi mkaka. Kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, amapezeka mu mkaka, m'masamba monga bonongwe ndi chisoso, komanso mu matemba ndi usipa chifukwa zimadyedwa pamodzi ndi minga yake. Vitamini C wa mu magwafa, mapapaya, mango ndi malambe amathandiza kupanga ulusi wolumikiza bala, pamene fodya ndi mowa wambiri zimachedwetsa kugwira kwa fupa. Likuni Phala, la chimanga chosakaniza ndi soya, ndi chiponde chamankhwala, chimene dokotala Mark Manary anayamba kuchiyesa pa ana onyentchera ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zinaphunzitsa dziko kuti chakudya ndi mbali ya chithandizo. Ndipo chiphunzitso cha magulu 6 a zakudya, omwe ndi zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta, chinafalitsidwa m'midzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi.

M'zaka zaposachedwa mitundu ya kuvulala yasintha. Njinga zamoto za kabaza zafewetsa ulendo wochoka ku Milepa kupita ku boma ndi ku Limbe, koma zachulukitsanso othyoka miyendo, ambiri mwa iwo achinyamata amene ndi nsanamira za mabanja awo. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera ndipo anagumula phiri pamudzi wa Ntauchira m'boma lomweli, anasiya ovulala ambiri pa nthawi imene minda yawo inali itakokoloka, kotero kuti kusowa kwa chakudya ndi kufunika kwa mafizo zinakumana m'nyumba zomwezo. Chipatala chaching'ono cha Milepa chimalandira wovulala nkumutumiza ku chipatala cha boma, koma akabwerako miyezi ya kuchira imathera pakhomo, kutali ndi katswiri wa mafizo, ndipo mtengo wa ulendo umalepheretsa ambiri kubwerera pa tsiku limene anauzidwa.

Pa chifukwa chimenechi wodwazika matenda, amene ku chipatala amatchedwa gadiyani, akadali munthu wofunika kwambiri pa kuchira monga analili kale. Iye ndiye amasankha pakati pa ufa woyera ndi mgaiwa, amathira nsinjiro m'phala, amasunga dzira limene likanagulitsidwa, ndipo amachirikiza wodwala pophunzira kuponda. Iye ndiyenso angathe kumuletsa kuthamangira khasu fupa lisanalimbe, kapena kumudzutsa pamphasa mantha akamugoneka nthawi yaitali mopitirira. Zaka zoposa 100 za mamishoni, zipatala ndi masukulu zapatsa deralo njira zogwirira fupa zimene makolo analibe, ndipo ntchito imene yatsala ndi kufikitsa chidziwitso cha mafizo ndi cha kadyedwe kwa odwazika matenda asanatuluke m'chipatala, komanso kwa alangizi a zaumoyo amene amayendera midzi, kuti wovulala wa ku Milepa asamangochira fupa lokha koma abwererenso pa ntchito imene imadyetsa banja lake.