Nyimbo za Gulu la Queen

Gulu loimba la Queen linayamba ku London mu 1970, ndipo woimba wake wamkulu, Freddie Mercury, anabadwira ku Zanzibar mu 1946. Nyimbo imene inatchukitsa gululi kwambiri ndi "Bohemian Rhapsody" ya mu 1975. Inali yaitali, pafupifupi mphindi 6, yopanda kolasi yobwerezabwereza. Pakati pake oimba atatu okha anajambula mawu awo kambirimbiri mpaka anamveka ngati chikwaya chachikulu. Ena ankati mawailesi sangaiulutse chifukwa cha kutalika, koma inakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Britain kwa milungu 9.

Mu 1977 Brian May, mmodzi wa oimba a gululi, anapeka nyimbo ya "We Will Rock You" pofuna kuti omvera azitengako mbali: kuponda pansi kawiri, kuwomba m'manja kamodzi. N'chifukwa chake inakhazikika m'mabwalo a masewero, pamodzi ndi nyimbo ina ya gululi, "We Are the Champions".

Mbiri ya gululi ilinso ndi banga. Mu 1984 linakaimba ku Sun City, ku South Africa, pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho m'dzikolo, ndipo linadzudzulidwa kwambiri. Komabe, Mercury atamwalira mu 1991, "Bohemian Rhapsody" inabwereranso pa nambala 1.