Mmene samusa ndi mandasi zinafikira kwa Lukwa

Fodya akayamba kugulidwa ku okushoni ya ku Chinkhoma, malonda oyamba kutentha m'timisika ta kwa Lukwa, m'boma la Kasungu, sakhala a njinga kapena malata. Amakhala a m'beseni. Amayi amalawirira tambala asanalire, kukanda fulawa ndi kukoleza mbaula, ndipo pomwe dzuwa likutuluka mandasi ndi samusa zimakhala zili kale m'mbali mwa msewu kudikira alimi, matenanti ndi anyamata okweza mabelo. Wogula aliyense amaziyesa zakudya zakwathu, ndipo sitingamutsutse poti anakulira zomwezo. Komatu ku Kasungu sikulimidwa tirigu, ndipo makolo a Achewa sankamiza chakudya m'chiwaya cha mafuta. Iwo ankaphika, kuwotcha, kufutsa ndi kutendera. Zokazingazi zinachita kubwera, ndipo zinadzera njira ziwiri zosiyana.

Yoyamba inachokera kunyanja. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota nayamba kutchedwa Jumbe. Sanabwerere kudzaphunzitsa anthu kuphika ayi. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi akapolo, omwe ankawolotsedwa nyanja pazombo kupita kugombe la Kilwa. Maulendo a amalonda opita kumadzulo, cha ku Luangwa, ankadutsa m'dziko la Mwase Kasungu, yemwe ankapezerapo nsalu ndi mfuti zodzitetezera kwa Angoni. David Livingstone anatsata njira yomweyi m'chaka cha 1863. Ubale wa Mwase ndi Aswahili unali wozama moti mu Disembala 1895, Alfred Swann atatsogolera asilikali a boma la atsamunda kuchokera ku Nkhotakota, nkhondo inali yolimbana ndi anthu awiri: Mwase mwini ndi Saidi Mwazungu, wamalonda wachiswahili amene ankakhala kwa iye. Awiriwa atagonja, azungu anamanga linga la Fort Alston, ndipo malonda a akapolo anathera pomwepo.

Mpunga ndiwo sunathe. Anthu a Jumbe anaufalitsa m'madambo a m'mbali mwa nyanja, ndipo mpaka lero ukukwerabe chitunda kuchokera ku Nkhotakota, kungoti tsopano umabwera pagalimoto mu msewu wa M18. Kwa Lukwa mpunga sunalande malo a nsima. Unakhala chakudya cha tsiku lalikulu: Khrisimasi, ukwati, chinkhoswe, kapena mlendo wolemekezeka akafika. Mwana wa kumudzi akamva fungo la mpunga ndi nkhuku amadziwa kuti lero kuli kanthu.

Mandasi ndi zitumbuwa nazonso kwawo ndi kugombe la Aswahili, koma zinavula zambiri panjira. Ku Zanzibar mandasi amakandidwa ndi mkaka wa kokonati ndi zonunkhiritsa, pomwe kuno kwatsala fulawa, shuga, yisiti ndi kamchere. Zitumbuwa zakumeneko n'za ufa wa mpunga, zakuno n'za nthochi zakupsa ndi mgaiwa. Ngakhale futali, mbatata kapena chinangwa chotendera nsinjiro, anatengera dzina ku chakudya chomwe Asilamu akugombe amamasulira nacho kusala m'mwezi wa Ramadhan. Mkhristu wa CCAP amene amadya futali m'mawa asanapite kumunda saganizako n'komwe za mzikiti.

Palinso chizolowezi china chimene chinalowa mwakachetechete. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo ku Kasungu ndi ochepa poyerekeza ndi ku Mangochi kapena Machinga. Komabe pamaukwati ambiri, ngakhalenso kwa ogulitsa nyama pamsika, amaitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi, n'cholinga choti pasapezeke mlendo wokana ndiwo.

Njira yachiwiri inachokera kummwera, ndipo ndi ya Amwenye. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali a Chisikh kuchokera ku India, koma amene anakhazikika anali amalonda ochokera ku Gujarat, ambiri mwa iwo Asilamu, omwe analowera ku Mozambique n'kutsata Zambezi ndi Shire. Anayambira ku Chiromo ndi Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kenako Blantyre ndi Limbe. Ulimi wa fodya utafalikira m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, iwo anatsatira ndalama, ndipo masitolo awo anafika pa maboma ndi m'malo ochitira malonda. Kutsogolo kwa sitolo kunali nsalu, mchere, sopo ndi palafini, telala akupalasa makina ake pakhonde. Koma nkhani yathu inkachitikira kuseri, kukhitchini.

Kumeneko kunali khukhi, Mmalawi, nthawi zambiri mwamuna. Iyeyu ndiye mphunzitsi weniweni wa samusa m'dziko muno, ngakhale palibe buku la mbiri limene limamutchula dzina. Anaphunzira kwa mayi wa pakhomopo kuti anyezi amayamba kukazingidwa mpaka kufiira adyo ndi jinja asanalowe, kuti kale amafuna mafuta otentha osati kuwazidwa pamwamba pa msuzi, kuti mango aawisi akathiridwa mchere, tsabola ndi mafuta amasanduka achali wokhala miyezi. Ntchito ikatha ankabwerera kumudzi ndi luso lakelo, ndipo mkazi wake kapena mlongo wake ndiye ankaliyesa geni.

Samusa si chinthu chophunzira pongomva. Mtanda umapamanthidwa mpaka kupyapyala, n'kuupsereza pang'ono pachiwaya chouma kuti usamamatire, kenako kuudula timizere. Kamzere kamodzi kamapindidwa kawiri kuti kapange kathumba ka nsonga zitatu, muikidwe ndiwo, ndipo pakamwa pake pamamatidwa ndi phala la fulawa ndi madzi. Pakatsala kampata, mafuta amalowa ndipo samusa imatuluka yonona moipa. Mafuta akatenthetsa, kunja kumada mkati musanapse. Chakudyachi n'chakale kwambiri kuposa sitolo ya Mmwenye: Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anachipeza patebulo la Sultan Muhammad bin Tughluq ku Delhi m'zaka za m'ma 1300, muli nyama yogaya, mtedza wakumeneko ndi anyezi. Ya kwa Lukwa mumakhala mbatatesi, mpunga kapena soya pisesi, nyama ikapezekamo ndiye kuti mtengo wakwera.

N'chifukwa chiyani nanga zakudyazi zinathera pa tiyi ndi pamsika, osalowa m'mbale ya masana? Chilumba cha Trinidad, ku Caribbean, chimathandiza kuyankha. Kumeneko Amwenye sanapite ndi masitolo. Anapita ndi makasu. Sitima ya Fatel Razack inafika pa 30 Meyi 1845 ndi gulu loyamba la anthu okagwira ntchito m'minda ya nzimbe ukapolo utathetsedwa, ndipo pofika 1917 anali atapitako oposa 140,000, Ahindu ndi Asilamu. Anali alimi osauka ophika okha, ndipo zidzukulu zawo lero ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse pachilumbapo. Motero roti, tchana wothira kale ndi sawine, chakudya chotsekemera cha mkaka chomwe Asilamu amagawana ndi anansi pa Eid, zinasanduka zakudya za fuko lonse. Doubles, timikate tiwiri tokazinga tothira tchana pakati, anayambitsa ndi banja lachisilamu la Emamool Deen ku Princes Town mu 1936, ndipo lero ndiye kadzutsa wa aliyense.

Kuno zinali zina. Pa kalembera wa 1966 Amwenye anali pafupifupi 11,000 pakati pa anthu 4 miliyoni. Ankakhala kuseri kwa kauntala, kukwatirana okhaokha, ndipo mbale yawo sinkadutsa mpanda. Chomwe chinatuluka ndi chokhacho chimene khukhi akanatha kuchinyamula m'mutu n'kukachigulitsa chimodzichimodzi. Mpaka lero alimi akummwera amalima nandolo wopita ku India kukaphikidwa dhal, koma dhal yemweyo sapezeka pamkeka wa kumudzi.

Kenako anabwera mwana wa ku Kasungu konkuno, Dr Hastings Kamuzu Banda. Kuyambira 1970 boma lake linalamula Amwenye kuchoka m'madera akumidzi, ndipo pofika 1978 malonda awo anatsekeredwa m'mizinda ikuluikulu. Ena anasamukira ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester. Masitolo a Chipiku ndi PTC analowa m'malo mwawo, ngakhale masitolo ambiri akumidzi anangosanduka mabwinja. Zaka zomwezo ndi zimene maesiteti a Press Farming, General Farming ndi Kasungu Flue Cured Tobacco Authority anakula, ndipo matenanti ambiri anachokera kummwera, ena mwa iwo Ayao achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga. Eni samusa anachoka, koma oidziwa ndi oigula anachuluka, poti fodya anabweretsa ndalama ya m'thumba, matiyirumu ndi mafuta a Kazinga ndi Covo m'magolosale.

Amene amati zakudyazi n'zachilendo akulakwitsa, poti mayi wa ku Gujarat sangaizindikire samusa ya soya pisesi, ndipo kambuzi amene amathiridwa pamwamba pake ndi wakuno. Chachilendo chenicheni ndi tirigu. Malawi amakolola wochepa chabe, cha ku Neno ndi Tsangano, ndipo wambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe fodya yemweyu amabweretsa. Imodzi mwa makampani akuluakulu ogaya fulawa m'dziko muno ndi Bakhresa, yomwe mwini wake, Said Salim Bakhresa, anabadwira ku Zanzibar. Kwacha ikagwa, thumba la fulawa ndi chigubu cha mafuta zimakwera limodzi, mandasi amachepa msinkhu, ndipo amayi ambiri a kwa Lukwa amabwerera ku zigumu ndi zitumbuwa, zomwe ufa wake umachokera m'nkhokwe yawo.