Moto wa Makina m'Dziko la Kyungu

M'dziko la Kyungu, kumene kuyambira kale mpunga ndi mbalaga zinkapsera pa mafuwa atatu, magetsi a pa boma la Karonga ankachokera ku makina a dizilo, kufikira m'chaka cha 1995, pamene madzi a mtsinje wa Wovwe anamangidwa m'goli kuti aziunikira anthu. Komatu dizilo sanatsanzike ayi, pakuti ngakhale mgodi wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009, unkadalira majenereta. Ndipo pamene madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika mu 2016 ndi 2017, mtsinje wa Shire, umene umapukusa makina a magetsi, nufooka, mdima unakuta Malawi yense, ndipo amene anali ndi kangachepe anathamangira kukagula tijenereta ta petulo.

Tsono chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kajenereta kangathe kusunga firiji kuti nsomba zisavunde m'kutentha kwa kunyanja kuno, koma mayi akangolumikiza chitofu cha magetsi kapena ketulo, iko kamabuula, kutsokomola utsi, n'kuzima, popeza zotenthetsa zimamwa mphamvu yochuluka koposa. Ndipo m'nyumba zambiri za magetsi nsima ikuphikidwabe pa mbaula ya makala.